Kulowa M'dzina la Elube

Sendezani mbaula pakatipa, magetsiwa lero sabwera msanga. Mwakhala mukundiseka kuti munthu akandiitana chakumbuyo sindiyankha mpaka nditamuona nkhope. Ndikuuzani chifukwa chake, koma wina asandidule mawu, poti ndikaima pakati sindithanso kupitiriza.

Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinapeza ntchito ku Balaka, pa kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope, kufupi ndi njanji. Kanali kachipinda kamodzi: kompyuta imodzi, pirinta, makina a fotokope otentha ngati chitofu, ndi benchi la makasitomala. Eni shopuyo ankakhala ku Liwonde, ankangobwera mwa apo ndi apo. Pakhonde pankasoka telala wachikulire, Che Likaka. M'katimo mwini mpando anali mayi Elube, amene anayamba kutayipa pamenepo nthawi ya makina a riboni. Tauni yonse inkawadziwa. Makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zonse zinkadutsa m'zala zawo.

Ine ndinkawaitana kuti Anti. Tsiku langa loyamba ndinawononga mulu wa mapepala chifukwa cha manjenje. Iwo anangowatembenuza n'kunena kuti, "Kuseriku n'koyera, Esinati, tilemberako zina." Kasitomala akandikalipira, ankandituma kukagula shuga, pomwe shugayo anali tho m'kabati. Ankangofuna kuti ndikapume panja, ndipukute m'maso popanda wondiona.

Kompyutayo inali ndi kachizolowezi kake. M'mawa ikangoyaka inkatulutsa uthenga wa Chingerezi wonena kuti kwatuluka sisitimu yatsopano, yaikulu, ndipo yakaleyo opanga ake aleka kuisamalira posachedwa. Sisitimu ndi ija imadzuka mukayatsa kompyuta, imene zina zonse zimakhalamo ngati katundu m'nyumba. Anti ankauwerenga uthengawo mpaka kumapeto, n'kuutseka. "Nyumba ndaizolowera iyi," ankatero. "Ndisamuke ndi ukalamba wanga wonsewu?"

Anadwala nthawi yozizira. Anapita nawo kuchipatala ku Blantyre, ndipo sanabwerenso. Anakaikidwa kwawo ku Ntcheu. Pulogalamu ya maliro awo ndinatayipa ndine, ndi zala zanga zochedwazo, ndikuona zilembo ziwiriziwiri chifukwa cha misozi.

Pasanapite nthawi yaitali eni shopu anatumiza munthu wodzaika sisitimu yatsopano ija. Anali bambo wa ku Zomba, dzina lake Wyson, wolankhula ngati wailesi.

"Asisi, chimakina chanuchi chakalamba kuposa Che Likaka," anatero akupukuta fumbi kuseri kwa kompyuta.

"Ndamva!" anayankha Che Likaka pakhonde. "Koma ine m'mawa ndimadzuka ndekha, sachita kundidina."

Ntchitoyo inadya tsiku lonse. Kompyuta inkazima yokha, kuyaka, kuzimanso, timadontho tikuzungulira pa sikirini ngati nyerere zosochera. Dzuwa litapendeka inadzuka ndi nkhope ina. Mitundu inali yachilendo, mabatani amene ankakhala pakona anali atasamukira pakati, ndipo kulira kwake poyaka kunali ngati wina wagogoda tambula ndi supuni m'chipinda chopanda kanthu. Chimodzi chokha ndicho sichinasinthe. Pakati pa sikirini panalembedwa dzina la mwini wake: Elube.

"Achimwene, dzinali silingachoke?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Lingachoke, koma mafayilo anu onse ali m'menemo. Imeneyo ndi ntchito ya tsiku lina, ndipo ine minibasi yomaliza indisiya. Ingolowani m'dzina lomweli. Yatsopanoyi sifunanso pasiwedi, imaona nkhope. Takhalani apa, muyang'ane kamerayo."

Pamwamba pa sikirini panali kakamera kamene tinkajambulira zithunzi za ziphaso. Ndinakhala pampando wa Anti. Kagetsi koyera kanaphethira, ndipo pa sikirini panatuluka kabokosi kozungulira nkhope yanga.

"Basi, yakudziwani," anatero Wyson akutseka chikwama. "Kuyambira lero Elube ndinu."

Anaseka, inenso ndinamwetulira mwaulemu. Pakhonde makina a Che Likaka anaima pakati pa msoko. Patapita kanthawi anayambanso.

Masiku oyamba ndinasangalala, sindikubisirani. Zala zanga zinayamba kuthamanga. Kalata imene kale inkanditengera m'mawa wonse ndinkaimaliza kasitomala asanamalize kudandaula za kutentha. Ndinkaganiza kuti ndi ubwino wa sisitimu yatsopanoyo.

Kenako mpando. Anti anali aafupi, ankautsitsa mpaka pansi. Ine ndinkaukweza, koma m'mawa uliwonse ndinkaupeza utatsika. Ndinati mwina wangotha mphamvu. Tsiku lina masana ndinazindikira kuti sindinaukweze chiyambire m'mawa, ndipo unkandikwana bwinobwino.

Kapu yanga yapulasitiki inasowa. Ndinafunafuna paliponse, mpaka ndinayamba kumwera m'kapu yachitsulo ya Anti imene inatsala m'kabati. Chipeso changa chinasowanso, kenako juzi imene ndinkaikoleka kuseri kwa chitseko. Zinthu za shopu sizinkasowa, ngakhale cholembera. Zinkangopita zanga zokha, chimodzichimodzi, ngati munthu akusamuka mwakachetechete. Ndipo ndikatsekula chitseko m'mawa ndinkalandiridwa ndi fungo la mafuta aja ankapaka m'mawondo, akuthwa ngati bulugamu.

Kompyuta nayo inayamba kufulumira. Poyamba inkadikira kuti ndikhale pansi, indione, ndiye itseguke. Kenako inkatseguka ndikadali chilili. Tsiku lina ndinaiyatsa n'kutuluka kukataya zinyalala, ndipo ndili panja ndinamva kulira kwa tambula kuja. Pobwera ndinapeza yatseguka kale, ikulonjera Elube.

Ndinawauza Che Likaka, ndikuseka kuti zisaoneke zazikulu. Iwo sanaseke. Anadula ulusi ndi mano, n'kunena kuti, "Mwanangu, uziweruka dzuwa likadalipo. Zotchingira mawindo zakunjazi ndizitseka ndine." Kuyambira tsikulo ankandisungira nthochi imodzi pa zimene ankabwera nazo, ankangoiika pawindo.

Woyamba kulakwitsa anali mphunzitsi wina amene anabwera ndi mayeso oti nditayipe. "Mwadzuka bwanji a Elube?" anatero, kenako anagwira pakamwa. "Pepani mwanawe, chizolowezi." Ndinati palibe kanthu. Wachiwiri anali mayi wogulitsa zitumbuwa, iyenso anapepesa. Wachitatu sanapepese. Anandiyang'ana m'maso, kundiitana Elube, kundifunsa za mawondo, ndipo ine ndinayankha kuti, "Akuvutabe, kukazizira ndiye kwambiri." Atachoka ndinagwira mawondo anga. Ankawawadi.

Kunyumba, ku Majiga kumene ndinkakhala ndi amayi, tsiku lina amayi anafuna kundituma madzi. Anaima pakhomo atanyamula ndowa, akukhethemula zala. "Iwe... iwe mwana... aa, ukalamba uwu. Tatenga ndowayi." Anaseka, koma ndinaona kuti apita kukakhala kuseri kwa nyumba, akuyang'ana pansi, milomo ikugwedera ngati munthu wofufuza nyimbo imene waiwala.

Njira yanga yopita kunyumba inkatsata njanji, n'kudutsa pa mlambe waukulu umene uli pafupi ndi kamlatho. Madzulo ena, chisisira chikuyamba, ndinaona anthu atatu atakhala pansi pa mlambewo: abambo awiri ndi mayi mmodzi. Anavala bwino kwambiri, ngati opita ku ukwati, koma zovala zawo zinali ndi mizere ya kupinda, ngati zimene zangotuluka m'sutikesi. Analibe katundu. Sankacheza. Ndinawapatsa moni, iwo anangonditsatira ndi maso.

Mawa lake analiponso. Ulendo uno anali ataimirira m'mphepete mwa njira. Ndinaona kuti analibe nsapato, koma mapazi awo analibe fumbi, pomwe nthawi imeneyo ku Balaka ngakhale nkhuku imakhala yofiira. Mayi uja analankhula, mawu ofewa, opanda mkwiyo.

"Mwaweruka?"

"Eya," ndinatero ndikufulumira.

"Ntchito sinathebe?"

Ndinangopitirira. Ndinaba kuyang'ana bambo wa pakati. Nkhopeyo ndinkaidziwa, koma osati ya pamsewu. Ndinaiona pa pepala, m'kabokosi ka chithunzi, pamwamba pa madeti awiri. Ndine ndinapinda mapulogalamu ake, Anti akutayipa nyimbo za kumanda.

Mwamwayi kunatulukira wa kabaza, bambo amene sindinkamudziwa, ndipo anaima yekha ndisanamuimike. "Asisi, kwerani, nkhope yanuyo siili bwino." Njira yonse ankapalasa akuwefuka. Pa kachitunda ka ku Majiga anatsika n'kumakankha. "Ndinu wochepa thupi," anatero, "koma njingayi ikulemera ngati ndanyamula awiri." Anadikira pamsewu mpaka amayi atatsekula chitseko, ndiye anatembenuka.

Lachitatu lotsatira kunabwera bambo wamtali wovala jekete lothina, anati ndi a Gadama, mlongo wawo wa Anti. Anadzatenga zotsala: ambulera, buku la nyimbo, ndi nsapato zimene ankasinthira pansi pa tebulo. Ndinawapatsa benchi, n'kuwaikira zinthuzo m'jumbo. Nthawi yomweyo sikirini, imene inali itagona, inadzuka yokha. Iwo anawerenga dzina lija, anawerenganso.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Ndi mmene anaikira okonza," ndinatero. "Ndimalowa m'dzina lawo kuti ndigwire ntchito."

Anaika jumbo pansi pang'onopang'ono.

"Mwalowa dzina? Wakupatsani ndani?"

"Ayi bambo, ndi kulowa kwa pa kompyuta chabe. Imangoona nkhope yanga n'ku..."

"Imaona nkhope yanu n'kunena kuti Elube."

"Eya."

"Ndipo inu mumakhala pansi."

Anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja.

"Zovala tinagawana," anatero, "mbale tinagawana. Koma dzina kwathu sitigawa msanga. Limagona kaye, mwini wake afike kumene akupita, akhazikike. Pakatha chaka timakumana, ndiye timalidzutsa pa mwana wakhanda. Ili linali la agogo athu, iye analilandira bwinobwino, ndi mowa womwe." "Ine zamakinazi sindizidziwa, mwanawe. Koma mlongo wanga ndikumamulota ataima panjira, chikwama m'manja, osapita kutsogolo, osabwerera. Ndikamufunsa amangoti, akundiitana koma kukuyankha wina."

M'shopumo munazizira, pomwe makina a fotokope anali akuyaka.

"Mwayankhapo?" anafunsa.

"Makasitomala okha, akalakwitsa."

"Nanga enawo?"

Za anthu a pa mlambe sindinawauze. Sindinauze munthu aliyense.

"Sanandiitanebe dzina," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana.

"Akakuitanani musayankhe. Iwo sadziwa nkhope, amatenga woyankha."

Ananyamula jumbo n'kutuluka mofulumira, osatsanzika ngakhale Che Likaka.

Ndinamuimbira Wyson nthawi yomweyo. Ine amene ndinkaopa kupempha ngakhale chenji, ndinamuimbira mpaka anatopa nane. Anati abwera Lachisanu m'mawa. Masiku awiriwo sindinakhale pampando. Makasitomala ndinkawauza kuti kompyuta yafa, ndinkangopanga fotokope. Koma inkayaka yokha kumbuyo kwanga, n'kumalira katambula kake, kagetsi koyera kakuphethira ngati kakundifunafuna. Pobwerera kunyumba ndinkazungulira kumsika. Madzulo a Lachinayi, ndikudutsa pa chigayo, ndinawaona atatu aja ataima tsidya lina la msewu. Anali atasendera kufupi ndi shopu.

Lachisanu Wyson anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa.

"Asisi, mwandiimbira ngati ndinakuberani mbuzi. Chavuta n'chiyani?"

"Dzinalo lichoke, achimwene. Lero lomwe."

"Mizimu ya ku Balaka yaphunzira kompyuta eti? Ikadzamaliza ibwere ku Zomba, ndikusowa wondithandiza." Anaseka yekha. Ataona kuti Che Likaka sakumubwezera nthabwala, anakhala pa benchi n'kukoka kiyibodi. Anasamutsira mafayilo onse mu fulashi yaikulu, ndipo zimenezo zinatenga nthawi. Kunja anthu ankatseka mashopu. Kumzikiti kunaitanidwa swala ya madzulo, koma Che Likaka, amene sankaphonya, sananyamuke.

"Njira yachidule ndi iyi," anatero Wyson. "Tiifufute yonse, iyambirenso ngati yangochoka m'katoni. Ikadzuka ifunsa dzina, mulemba lanu. Koma isanafufute ikufuna mwini wake avomereze. Takhalani apo ikuoneni, kamphindi kokha."

Ndisanasunthe, Che Likaka analowa. Zaka zonse zimene anasoka pakhondepo sanalowepo m'shopu, ankangolankhulira pawindo. Analowa chammbuyo, sizasi ili m'manja, n'kutsamira khoma.

"Kuli alendo," anatero.

Ndipamene ndinazindikira kuti kunja kwati zii. Kunalibe belu la njinga, kunalibe wailesi ya pa bala, ngakhale agalu.

"Odi."

Anali mawu a mayi uja. Chitseko chinali chotsekula, koma kunja kunali kuwala kwa chisisira kuja kumene sumatha kuona nkhope ya munthu. Ndinkangoona kuyera kwa malaya, kuima chilili kumapeto kwa khonde.

"Tatseka, mayi!" anakuwa Wyson osatembenuka. "Mubwere mawa."

"Sitinadzere mapepala. Tadzatenga mnzathu, wachedwa."

Wyson anatembenukira kwa ine. "A Elube, anthu anuwa auzeni kuti..." Anaima. Anandiyang'ana, anayang'ana sikirini, n'kundiyang'ananso. Kumwetulira kunachoka. "Asisi, pepani. Dzina lanu lija ndi ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Munalibe kanthu. Ndinafufuza m'mutu monga umafufuzira m'thumba lobooka: ndinakumbukira sukulu yanga, nambala yanga ya mayeso, dzina la amayi, la galu wathu amene anafa kalekale. Langa panali pamalo poyera, ngati pakhoma pamene achotsapo kalendala. Ndinayang'ana Che Likaka. Milomo yawo inkayesa, koma sinkatulutsa kanthu, ndipo m'maso mwawo munadzaza misozi.

"Elube."

Sanakuwe. Anaitana monga umadzutsira mnzako amene wagona m'basi mutafika. Ndipo thupi langa linamva. Mawondo anawawa, dzanja langa linapita lokha pansi pa tebulo kufuna chikwama, ndipo pakhosi panakwera mawu, mawu okhuthala a munthu wamkulu amene sanali anga. Ndinaluma nsonga ya chitenje mpaka mano anawawa.

"Elube. Tiyeni, kwada."

"Khalani pampandopo tithane nazo!" anatero Wyson, mawu atasanduka aakazi. "Khalani, ikuoneni, ndidine!"

Ndinagwira mpando. Kagetsi kanayamba kuphethira mofulumira, ndipo kabokosi kaja kanatuluka pa sikirini, kakusuntha uku ndi uku kufuna nkhope. Pamenepo ndinamvetsa zimene a Gadama ankatanthauza. Kukhala pampandopo, alendo ali pakhomo, kunali kuyankha. Makinawo akanena kuti uyu ndi Elube, iwo amva.

Mpandowo ndinausiya. Ndinaukoka pang'ono kuuchotsa patebulo, kuutembenuza monga umachitira polandira munthu wamkulu, ndipo ine ndinagwada pambali, kumene kamera sinkafika. Ndinachotsa chitenje m'kamwa. Ndinkaopa kuti ndikangotsegula pakamwa patuluka mawu enawo, koma ndinayesa.

"Anti," ndinatero, "mpando wanu uwu. Akuitana inu."

Palibe chinachitika. Ndinkamva Wyson akupuma. Pakhonde panamveka phazi limodzi likuponda simenti, kenako lina.

"Anti, chonde. Langa sindikulipeza, koma ili si langa."

Mpando unalira. Unatsika pang'onopang'ono ndi kamphepo kake kaja, fyuu, mpaka pansi, ndipo nsalu yake inabonyoka pakati. Kabokosi ka pa sikirini kanasiya kuyendayenda. Kanaima pamalo amodzi, chapansipansi, ndipo m'kati mwake munkangooneka khoma la kumbuyo. Kagetsi kanayaka osaphethira. Katambula kanalira.

Panatuluka funso lomaliza ndi mabatani awiri, lovomera ndi lokana. Wyson anali atabisa manja m'khwapa, maso atatsinzina. Kamuvi ka mausi kanayenda kokha, monjenjemera pang'ono, n'kukaima pakati pa mabatani awiriwo. Kanakhala pamenepo nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati Anti ankaopa kapena ankangoyang'ana komaliza malo amene anakhalapo moyo wawo wonse. Alendo aja anali atafika pakhomo penipeni. Sindinadzutse mutu, koma kuwala kochokera panja kunali kutatsekeka.

"Ntchito ndiisamala, Anti," ndinanong'ona. "Makasitomala anu sindiwabweza. Pitani bwino."

Mausi inalira kamodzi, kha.

Sikirini inada. Mpando unakwera pang'ono, monga umachitira munthu akanyamuka. Fungo la mafuta a m'mawondo linadutsa pafupi ndi tsaya langa, ndipo Che Likaka anasendera pambali kupereka njira, atagwira pachifuwa. "Muyende bwino, mama," anatero. Tinamva mapazi akutsika khonde, kuponda miyala, kulowera cha kunjanji. Mpaka lero Che Likaka amalumbira kuti anabwera atatu koma anachoka anayi. Wyson amati iye sanaone kanthu, ndipo ndi zoona, poti maso anawatsegula titachita kumugwedeza.

Tinakhala pa benchi atatufe, mapewa atagundana, timadontho tikuzungulira pa sikirini. Palibe ananena zopita kwawo. Wyson minibasi inamusiya ndipo sanaitchule n'komwe. Che Likaka anavula jekete lawo n'kundifunditsa, osandiyang'ana. Mapazi aja ankamvekabe patali, pang'onopang'ono, pa miyala ya njanji, ngakhale kuti munthu sangamve mapazi pa mtunda wotero.

Kenako kompyuta inadzuka. Inalibe dzina la munthu. Panali kabokosi koyera, kamzere kakuphethira m'kati mwake, ndi funso la Chingerezi lofunsa amene adzaigwiritse ntchito.

"Lembani," anatero Wyson motsitsa. Sanathe kuwonjezera dzina pa mawu akewo, ndipo ndinadziwa kuti silinamubwererebe. Inenso linali lisanabwere.

Ndinaukweza mpando, n'kukhala. Ndinayala zala pa mzere wapakati wa kiyibodi, n'kuganiza kuti mwina chimene mutu wataya zala zasunga. Chala chapakati cha kumanzere chinanyamuka chokha, n'kudina.

E.

Wyson anakoka mpweya. Zala zanga zinaima. Ndinayang'ana pansi. Chala cha mphete cha kumanja chinali pa L, ndipo chinkanjenjemera, chofunda, chodziwa njira. Cha kumanzere chinali pa S, chozizira ngati chagona dzanzi.

Kunjanji kuja mapazi anasiya kumveka, ngati anthu aima n'kutembenuka.

Ndinachotsa dzanja lamanja n'kulikhalira. Ndi lamanzere lokha ndinadina S. Zilembo zinazo zinabwera movutikira, chimodzichimodzi, ndikuzisaka pa kiyibodi ngati tsiku langa loyamba. Pena ndinalakwitsa, ndinafufuta, n'kulembanso. Nditamaliza sindinathe kuwerenga, maso anali atadzaza.

Che Likaka anawerama, n'kuika chala chawo cha zipsera za singano pansi pa mawuwo. Anawerenga mokweza, mogawagawa, monga anaphunzirira kusukulu ya kwacha.

"E-si-na-ti." Anandiyang'ana. "Esinati!"

Ndinawayang'ana nkhope kaye. Patali, mapazi anayambanso kuyenda.

"Wawa," ndinayankha.